Kansalu kamene ukapereke kwa amayi ako

Mwana wanga Tikambenji,

Ndikulemba ndili kuno kushopu, pa thebulo lodulirapo nsalu. Malaiti athima monga mwa masiku onse, ndipo makasitomala ndawauza kuti telala wadwala, abwere mawa masana. Sindinadwale ayi. Kungoti mawa m'mawa ukukwera basi ya ku Lusaka, kenako ndege, ndipo ndikudzidziwa ndekha. Tikakaima pa siteshoni paja ndidzangoti "uyende bwino," n'kuyamba kukangana ndi kondakitala za katundu. Pakamwa panga panazolowera kuluma mapini, mawu sadutsapo bwino. Ndiye ndati ndilembe. Kalatayi uipeza m'thumba la mkati la jekete lomwe ndakusokera, uiwerenge usiku uno usanagone. M'thumba lomwelo muli kansalu kobiriwira, kodulidwa ngati lamba. Usakataye poganiza kuti ndi zinyalala za kushopu. Ndikuuza za iko kumapeto, koma uyambe wamva zinazi.

Ukupita kutsidya kwa nyanja kukaphunzira kafukufuku wa khansa, kumalo komweko kumene amayi ako akugwira ntchito. Sindikukuletsa. Amene adzanene kuti Faindani anatsekereza mwana wake sukulu ndi wabodza, ndipo ndidzamusokera buluku lopanda zipi. Ndikudziwanso kuti unapempha kuti akudikireko chaka, iwo n'kuyankha kuti malo sadikira munthu. Koma tinene zoona, mwanawe. Ukusiya agogo ako aNambewe pa mphasa, khansa ya kum'mero itawatseka pakhosi, ndipo chibwerere ku yunivesite ndiwe amene wakhala ukuwamwetsa phala. Mwana wawo woyamba, amayi akowo, amene madokotala a maiko ambiri amamutchula dzina akamalemba za nthenda yomweyi, sanapondepo pakhomo chiyambire matendawa. Ine mtima wanga wafooka. Sindikukhulupirira kuti amayi ako adzawapeza amoyo, pokhapokha iwe ukawatulutse mu ofesi muja. Zonse zimene ndilembe pano zikupita pamenepo.

Iwe unawadziwa amayi ako ali kale munthu wa masutukesi. Ine ndinawadziwa ali Esinati, wothandiza madokotala pachipatala, amene anabwera pano pamsika wa Katete kudzasoketsa yunifomu, n'kundibwezera kawiri konse ati kolala yapotoka. Kolalayo inali bwinobwino. Ndinali kamnyamata ka ku Sinda, chuma changa chonse makina opalasa ndi lumo, ndipo nditawakwatira ndinapita chikamwini kumudzi kwawo kufupi ndi Mkaika, komwe ndili mpaka lero. Agogo ako aamuna sindinawapeze. Anamwalira amayi ako ali kamtsikana, chakudya chikukana kutsika, mpaka madzi omwe. Choncho atabwera alendo ofufuza za matenda a kum'mero, n'kumafuna munthu wodziwa chilankhulo ndi midzi, amayi ako sanafunse n'komwe za malipiro. Anandiuza kuti, "A Sakala, ndikufuna ndidziwe chimene chinapha atate." Ukamawakwiyira, uzikumbukira kuti zinayambira pamenepo.

Tsono tiyambe ndi nambala ija. Ukukumbuka uli ku sekondale, unandionetsa pa foni tsamba la amayi ako? Chithunzi chawo pamwamba, atavala suti ya chitenje yosoka ine, m'munsi mwake mitu ya mapepala onse amene analemba, ndipo pambali pa mutu uliwonse pali nambala. Unandiuza kuti nambalayo ikusonyeza kuti ofufuza ena atchula pepalalo kangati polemba zawo. Ine ndinazimva monga munthu wa kumudzi. Kwathu kuno amene amatchulidwa kawirikawiri ndi amene ali ndi anthu: akadwala khonde limadzaza, akaferedwa nkhuni zimabwera zokha. Ndiye ndinati basi, mkazi wanga wapeza abale dziko lonse. Ndinkakuvutitsa kuti unditsegulire tsambalo, ndipo nambala ikakwera ndinkalengeza msika wonse ngati timu yanga yagoletsa. Mpaka tsiku lina amake Dalitso, aja ogulitsa tomato pafupi ndi shopu, anandifunsa akukonza milu yawo, osandiyang'ana n'komwe: "Manje a telala, kuja awachula masiku onse. Nanga kuno kwamene tiwaitana, amvera?" Ndinawakwiyira kwa nthawi ndithu, tomato ndinkakagula kumapeto kwa msika.

Nambalayo ikukwerabe, ndinaionanso sabata ino. Agogo ako akuonda, iyo ikunenepa. Mwa anthu onse amene atchula amayi ako palibe amene akudziwa kuti kuli aNambewe, ndipo sindikuwaimba mlandu, adziwa bwanji? Iwenso udzakhala ndi tsamba lako. Udzayamba kulitsegula m'mawa usanasukusule, ndakuona kale mmene umasuzumirira masamba a anzako. Ulembe ndithu, ulembe zoona, ndipo akakutchula usangalale, si tchimo. Koma tsiku lililonse ukatsegula tsambalo, utsegulenso pamene pali manambala a foni a kwanu. Wokutchula m'pepala akufuna chiganizo chako chimodzi basi. Akatha nacho amatseka kompyuta n'kupita kukadya.

China ndi anthu ogwira nawo ntchito. Alendo aja ine ndinawatenga ngati abale enieni. Anali anthu abwino, ndisaname. Ankavula nsapato polowa m'nyumba mwathu ngakhale pansi pali pozira ndi dothi, anaphunzira kunena "zikomo" ndi "pepani," ndipo chaka china tinapita nawo ku mwambo wa Kulamba, onse atavala malaya a chitenje osoka ine, osalipiritsa. Ndinawaphera mbuzi yanga yokhayo yaikazi. Anabweretsa pachipatala makina a chubu chokhala ndi diso kunsonga, choonera mkati mwa m'mero. Mbiri inafika mpaka ku Vubwi ndi kutsidya kwa malire, anthu ankabwera atakwezana pa njinga. Kenako nthawi ya kafukufuku wawo inatha. Tinajambulitsa, tinakumbatirana, anapita. Chubu chija chitawonongeka, kunalibe amene anasiyidwa ndi udindo wochikonzetsa, chifukwa pogwirizana paja palibe amene anafunsa. Tonse tinkachita manyazi kufunsa mlendo kuti, kodi mukapita zikhala bwanji? Anthu a ku Vubwi anapitiriza kubwera, n'kumabwerera osaonedwa. Ena ankapumira pakhonde la shopu yanga podikira galimoto, akulavulira m'kachitini.

Ndiye iwe, Tika, manyazi amenewo ukawasiye pa bwalo la ndege. Ine munthu akabwera ndi nsalu, ndisanaike lumo ndimafunsa zonse: ya ku ukwati kapena ya ku maliro, yothina kapena yotaya, zipi agula ndani. Nsalu ukadula wadula. Ukamagwirizana ndi anthu pa kafukufuku, ufunse tsiku loyamba, tiyi asanazizire. Chikatha ichi, kwathu kudzatsala chiyani? Chikawonongeka akonza ndani? Mayina asanjidwa bwanji, ndipo namwino amene akhale akupukuta odwala dzina lake lilowa pati? Adzakuona ngati wamwano. Aleke akuone choncho. Amayi ako pa pepala lawo loyamba dzina lawo linali pakati penipeni pa mulu wa mayina, ngati mwana wopanikizidwa ndi matumba a mtedza m'minibasi, ndipo anathokoza mogwada. Zinawatengera zaka kuti afike kutsogolo, ndipo zaka zimenezo anazichotsa kwa ife.

Kuseri kwa chitseko cha shopu kuli buluku la khaki lomwe umandifunsa kuti bwanji sindiligulitsa. Ndi la bambo wina wa ku Vubwi, wogulitsa mtedza kumalire, amene analisiya kuti ndilichepetse pamene ankabwera kudzaonedwa ndi chubu chija. Ndinachepetsa. Atabweranso linali litamukuliranso, ndinachepetsanso. Ulendo wotsatira sanabwere. Patapita nthawi amayi ako anatambasula pa thebulo lino chipepala chachikulu chomwe amapachika pakhoma ku misonkhano pofotokoza zimene apeza, kuti ndiyeze thumba lonyamulira. Ndinaonapo timadontho tambirimbiri, n'kufunsa kuti ndi chiyani. Anati kadontho kalikonse ndi munthu. Ndinati, nanga mwini buluku uja ndi kati? Anayang'ana, anayang'ananso, n'kundiuza kuti mayina amachotsa dala posunga chinsinsi cha odwala, ndipo n'koyenera kutero. Ndinamvetsa. Koma ndinaona kuti funsolo lawapweteka, chifukwa kale odwala awo ankawadziwa mpaka mayina a ana awo. Iwenso udzagwira ntchito ndi timadontho. Chinsinsi usunge monga akakuphunzitsire, koma ukadzamva anzako akusangalala kuti madontho akwana, pepala lituluka, iwe uzikumbukira buluku lija ndi mmene madontho amakwanira.

Pali chinanso chimene sunadziwe kuti ndinkachiyang'ana. Pansi pa dzina la wolemba pamakhala kamzere ka zilembo zing'onozing'ono, konena kumene munthuyo akugwirira ntchito. Chingerezi cha m'mapepalamo sindichimva, koma kamzereko ndimakawerenga. Poyamba pankalembedwa Katete, ndipo ndinkaikapo chala kuonetsa aliyense wobwera kudzasoketsa. Atapita kukawonjezera maphunziro panabwera Lusaka, Katete n'kutsatira pambuyo. Kenako panabwera dzina la mzinda wa kutsidya uja, Katete n'kukankhidwira kumapeto. Pepala lina litatuluka ndinafunafuna, ndinakulitsa zilembo ndi zala mpaka foni inakana. Katete panalibe. Tsiku limenelo ndinasoka mkono wa malaya a munthu mozondotsa, ndinamasula, n'kusokanso mozondotsa. Unandiuza kuti ndi malamulo chabe, munthu amalemba kumene akulandirira malipiro. Ndinavomera. Koma ine ndinadziwira pamenepo kuti ndakhala mkamwini wopanda mkazi m'mudzi mwa eni. Ankhoswe sanakhalepo pansi kuti anene kanthu, chifukwa palibe amene wakana mnzake.

Ulendo uliwonse amayi ako ankandifunsa, ndipo ulendo uliwonse ndinkati, "Pitani, amake Tika, pakhomo ndilipo." Akuluakulu amati mkamwini asamakule mwendo, ndipo ine mwendo wanga ndinaupinda mpaka unachita dzanzi. Ndinkaopa kuti anthu adzati telala wa giredi seveni wachita nsanje ndi mkazi wophunzira. Ndinkangosoka masuti a ku misonkhano, ndi kunyamula masutukesi kukakweza basi. Sindinanenepo kuti, ulendo uno khalani. Mwina akanakhala, mwina ayi, sindidzadziwa. Tsono tamvera. Mawa nanenso ndikuuza kuti pita, ndipo agogo ako anakuuza kale kuti pita. Anthu a kwanu ndi otero, amati pita m'mimba mukutentha. Usadzatenge "pita" wathuyo ngati chiphaso cha moyo wonse. Uzitifunsanso chaka ndi chaka, ndipo uzimvetsera mmene tikuyankhira. Ukadzapeza mwamuna wongoti pita nthawi zonse, usadzati wapeza wabwino, uyambe wamufunsa ngati sakuopa.

Za agogo ako ukuzidziwa, koma sunazione ndi maso anga. Chilowere m'mudzi muja sindinakhalepo nawo mphasa imodzi, paja ndi apongozi. Tikakumana panjira ine ndimapatukira kutchire, iwo amatembenukira uko, n'kuwomberana m'manja chapatali. Mawu athu ankadutsira mwa iwe kuyambira uli wosavala. "Kauze atate ako denga likudontha." "Kauze agogo ndamva." Mabanja ena amamasula mwambowu ana akakula, mkamwini amapereka nkhuku n'kudyera pamodzi. Ife nkhuku inalipo, koma agogo ako anati tidikire Esinati abwere, zichitike mwana wawo akuona. Nkhukuyo inadikira mpaka inagwidwa ndi vumbwe, ndinasankha ina, nayonso yakalamba.

Ndiye iwe uli ku yunivesite, woyamba kuona anali ine. Telala amaona thupi la munthu ngakhale atayang'ana kumbali. Ndinaona dilesi la ku tchalitchi likulendewera m'mapewa. Ndinaona mbale zikubwera kotsukira mutatha msuzi wokha, nyama ili momwemo. M'mawa ndinkawamva kuseri kwa nkhokwe akukhosomola, kukhosomola kwa munthu amene china chamuima pakhosi. Ine mwamuna wa Esinati, amene ndamva za matendawa zaka zonsezi, ndinadziwa. Koma mkamwini angafunse bwanji apongozi ake za kumeza? Ndinatsata njira yake. Ndinauza ankhoswe anga ku Sinda. Iwo anadikira mpaka atakumana ndi amalume ako a Yelesani pa maliro ena. Amalume ako anati alankhula nawo akatha kugulitsa thonje. Atawafunsa, agogo ako anati ndi chilungulira chabe, wakutumani ndani? Amayi ako ndinawauza pa foni kuti mayi akuoneka ochepa thupi, iwo anaimba, agogo ako n'kuwayankha kuti ali gwa. Mmene iwe unkabwera n'kuwakokera kuchipatala osapempha chilolezo kwa munthu, mvula inali itayamba kale. Mawu anayenda mwaulemu kwambiri, ndipo pofika anapeza kum'mero kutatsekeka.

Kumene ukupitako udzamva akunena kuti anthu athu amachedwa kufika kuchipatala chifukwa cha umbuli kapena kutalika kwa mtunda. Usadzangogwedeza mutu. Udzawauze kuti ena amachedwa chifukwa cha ulemu. Kwathu kunali foni, kunali njinga yamoto ya amalume ako, kunali dokotala wa khansa m'banja. Ndipo iwe mwini, ukaona chinthu pa thupi la munthu, unene pomwepo, kwa mwini wake, kaya ndi pulofesa kaya ndi apongozi ako. Akakutukwana utukwanidwe, kutukwanidwa sikutseka kum'mero.

Amayi ako usakawafikire ndi nkhondo. Achita zambiri ali komweko. Ndiwo anaimbira mnzawo wa ku Lusaka kuti agogo ako aikidwe kachubu kotsegula kum'mero, kaja kanawathandiza miyezi ingapo. Mankhwala oletsa ululu sanasowepo. Chimene sichibwera ndi iwo eni. Poyamba anati ukatha msonkhano. Kenako anati pali pepala lofunika limene anzawo a maiko angapo akudikira, akalichedwetsa alakwira gulu lonse. Kenako wophunzira wawo ali pa mayeso. Zonsezo n'zoona, ndikudziwa, sanandinamizepo. Koma ndakhala naye munthu uja, ndipo ndikuganiza kuti akuopa. Ife tikamawayang'ana agogo ako timati mwina mawa adzuka bwino. Iwo anaona zithunzi za mkati zimene unawatumizira, akudziwa chotsatira ndi chotsatira chake, ndipo anaziona kale pa atate awo ali kamtsikana. Pa foni amafunsa iwe za makilo ndi mankhwala, koma agogo ako akatenga foniyo amayi ako mawu amawathera, amati netiweki ikuvuta. Netiweki ya pakhomo paja sinavutepo.

Tsopano ndikuuze zimene zinachitika dzulo, iwe utapita ku Chipata kukagula sutukesi. Unasiya phala losefa m'fulasiki, n'kupempha amayi a kumpingo kuti adzawamwetse masana. Iwo anachedwa ku maliro. Amayi ako aang'ono a Velonika ali ku Vubwi ndi khanda, monga ukudziwa. Amalume ako anali kuno ku Katete, ndipo akazi awo salowa m'nyumba muja kuyambira pomwe anakangana za munda. Ine ndinali pakhomo, ndikumalizitsa mabatani a jekete lako. Dzuwa lili pamutu ndinamva agogo ako akuitana dzina lako ndi mawu osasa aja, kenako kapu inagwa. Ndinaima pabwalo ngati chitsiru, ndikuyang'ana uku ndi uku kufuna mwana woti ndimutume. Panalibe ndi mmodzi yemwe, onse ali kusukulu. Ndinati odi pa khomo lomwe sindinalowepo chiyambire, chonsecho denga lake ndafolera ine kangapo konse.

Atamva kuti ndine, anadzifunditsa chitenje kumutu n'kutembenukira kukhoma. Inenso ndinakhala chofulatira, ndikutambasula mkono chakumbuyo ndi supuni, ngati munthu wopatsa mnzake fodya mobisa m'tchalitchi. Phala linathera pa mphasa. Supuni yotsatira chimodzimodzi. Kenako ndinamva akuti, "A Sakala, tembenukani. Mphasa yakhuta, ine ayi." Ndinatembenuka. Anachotsa chitenje, tinayang'anana. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuti, "Ha! Kani muli ndi imvi? Ine ndimayesa mukadali kamnyamata kaja kanabwera ndi makina pamutu." Ndinaseka misozi ili mbwembwembwe. Anamwa masupuni ochepa, ena anabwerera m'kachitini, ndipo ndinawapukuta pakamwa ndi dzanja langali. Anati, "Nkhuku ija idyani nokha, ine sindingaimeze."

Atapuma anandilozera bulauzi yoyera ya amayi a kumpingo yomwe inali pa chingwe. "Ija mundichepetsere. Sindifuna kukagona kumanda ngati ndavala thumba la fetereza, anthu azikati mkamwini wake ndi telala wanji." Ndinati, musatero mayi. Anati, "Musandinyengerere ngati mwana. Yezani." Tepi ndinali nditaisiya kushopu. M'thumba munali kalumo ndi kansalu kobiriwira kotsala pa mkati mwa jekete lako. Ndinakazunguliza m'chiuno mwawo, n'kudula pomwe nsonga zinakumana. Ndasoka zovala za anthu moyo wanga wonse, ndipo muyeso wotere ndimaudula ndikamasoka mayunifomu a ana oyamba kumene sukulu. Ndikutuluka anandifunsa kuti, "Esinati wati abwera liti?" Ndinati posachedwa. Anati, "Inunso mwayamba kuyankha ngati iye."

Bulauzi ndaichepetsa m'mawa uno potengera kansaluko. Ntchito yake kuno yatha, ndiye ndi kamene kali m'thumba mwako. Ukafika, usakapereke pa bwalo la ndege pakati pa kukumbatirana, ndipo usakangosiya pa thebulo. Udikire mukhale awiri, uwapatse m'manja, uwauze kuti ichi ndi chiuno cha amayi anu, amene anayeza ndi atate anga, ndi manja awo. Akamva kuti ndinayeza ine, adziwa kuti mwambo wagwa, adziwanso chimene chaugwetsa. Usawonjezere mawu ena. Akakazungulize m'chiuno mwawo ngati akufuna. Amayi ako ndi munthu wa miyeso. Makilo a pa foni amawalemba n'kupitiriza ntchito, koma ichi sindikuona pomwe angachilembe.

Sindikulonjeza kuti zithandiza. Mwina adzalira n'kugula tikiti, mwina adzalira n'kubwerera ku ofesi. Ngakhale atanyamuka tsiku lomwelo, sindikudziwa ngati agogo ako adikire, chifukwa madzi nawonso ayamba kubwerera. Iwe ndiye usadzinamize. Ukamawatsanzika mawa m'mawa utsanzike zenizeni, ugwade, uwagwire manja, usanene kuti tionana pa Khirisimasi. Za kusambitsa amayi a kumpingo alonjeza, ndipo za phala usade nazo nkhawa, ndaphunzira: supuni ya tiyi osati yaikulu, ndi kudikira ameze. Zikadzatha, munda uja amalume ako akuufuna, anayamba kale kuuyeza ndi maso. Mkamwini wopanda mkazi, wopanda mwana pakhomo, wopandanso apongozi, alibe chimene angayankhe. Ukadzabwera n'kupeza m'nyumba mwathu muli ena, usadzayambe milandu. Udzandifunse pamsika, amake Dalitso adzakulozera.

Jekete ndaliika nsalu ziwiri mkati chifukwa akuti kumazizira mpaka m'mafupa. Mabatani otsala ali m'kathumba kakang'ono, singano ndi ulusi zili momwemo. Usakapite kwa munthu chifukwa cha batani, ndiwe mwana wa telala. Pepala lako loyamba likadzatuluka unditumizire. Sindidzamva kanthu, ndidzangoyang'ana kamzere kaja. Foni yanga ikalira pang'ono n'kuduka, ndiye kuti ndakusowa chabe, udzaimbe ukapeza mpata. Ikalira osaduka, uyankhe ngakhale uli pakati pa msonkhano, akuluakulu onse akukuyang'ana, ndipo ukayankha upite nayo kwa amayi ako ikadali m'manja, chifukwa ine sindidzakhala ndi mphamvu zonena kawiri.

Nditseke shopu tsopano. Nthawi ya phala yayandikira, ndipo agogo ako anena kuti lero uwasiyire ine, iwe uzilongedza. Kansalu usataye, Tikambenji.

Ndine atate ako,
Faindani